Chinayamba N'chiti? Kuphunzitsa Mwana Kutsata Ndondomeko ya Nkhani

Mwana wokulira kwa Mwase ku Kasungu amadziwa kuti fodya sayambira pa belo. Mutamufunsa, ngakhale wa Sitandade 2, akuuzani kuti imayamba ndi nazale, mvula ikagwa anthu amawokera, kenako kupalira ndi kubandira, ndipo tsamba likakhwima mpamene amathyola, kusoka n'kupachika m'chigafa. Sasokoneza ayi. Koma mwana yemweyo mukamupatsa ndime ya m'buku yofotokoza zomwezo, n'kumufunsa kuti chinayamba kuchitika n'chiti, kawirikawiri amangoloza chiganizo cha pamwamba. Kwa iye cholembedwa koyamba ndicho chinayamba, cholembedwa pansi ndicho chinatsiriza. Apa mpamene amatayira malikisi pa mayeso a kumvetsa nkhani, osati chifukwa chosowa nzeru, koma chifukwa palibe anamuuzapo kuti wolemba amatha kuyamba ndi za kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo.

Aphunzitsi amaphunzitsa ndithu luso limeneli, koma m'kalasi lodzaza ana sangathe kukhala pansi ndi mwana mmodzi n'kumva pamene akuphonyera. Inu pakhonde mungathe. Ngakhale inu amene sukulu munailekezera panjira, kapena simunapiteko n'komwe, musadzichepetse: mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi ya pakamwa, ndipo ndondomeko ya ntchito za kumunda ndi za kumoto mumaidziwa kuposa buku. Chofunika ndi katoni yakale, cholembera, kalendala, buku la kusikelo, ndi kanthawi pang'ono madzulo kusanade.

Yambani osatsegula buku. Pamene mukuomola nsima, mufunseni kuti, "Kodi iwe, ufa woyerawu kuti ufike mumphikamu wadutsa muti?" Musiyeni alongosole yekha: kutong'ola chimanga, kukakonoletsa, kupeta kuti gaga achoke, kuviika mphale, kuitsuka n'kuiyanika, kukagayitsa, n'kudzayanikanso ufawo. Akadumpha china musamuuze msanga. Ingomufunsani kuti, "Nanga mphale yonyowa ija tingapite nayo kuchigayo ili choncho?" Tsiku lina lakwitsani dala. Nenani kuti, "Paja timayamba kugayitsa kenako n'kuviika, eti?" Mwana amakondwa kwambiri kukonza munthu wamkulu, ndipo akati, "Iyayi amayi, si choncho," mufunseni chifukwa chake. Funso la chifukwali musalidumphe. Wongoloweza mndandanda amaiwala mawa lomwe, koma amene wazindikira kuti ufa sungaviikidwe, ndiponso kuti mbande sizingagwire panthaka youma, wadziwa chimene chimachititsa kuti ichi chiyambe, icho chitsatire. Akazolowera, muyendetseni chobwerera: "Tisanagayitse timatani? Nanga tisanayanike?" Kubwerera m'mbuyo n'kovuta kuposa kupita m'tsogolo, ndipo ndi kumene nkhani zolembedwa zimafuna nthawi zambiri.

Zikatero dulani katoni ija tizidutswa, ndipo pa kachidutswa kalikonse palembedwe ntchito imodzi. Ngati kulemba kumakuvutani, alembe mkulu wake wa mwanayo kapena msuweni wake. Wa Sitandade 1 kapena 2 zimukwanira zitatu kapena zinayi. Wamkulupo mupatseni ulendo wonse wa fodya: kufesa nazale, kuthirira mbande, kupanga mizere, kuwokera, kuthira feteleza, kubandira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi, kudinda, kutumiza mabelo kumsika wa ku Chinkhoma. Sakanizani, iye asanje pamphasa. Mudzaona akuima pa "kuthirira mbande" ndi "kupanga mizere", osadziwa choika pamwamba, poti ntchito ziwirizi zimayendera limodzi: mbande zikukula kudimba, kumunda anthu ali kalikiliki ndi makasu. Muuzeni aziike mogundizana, china kumanzere china kumanja. Waphunzirapo kuti zinthu zina sizitsatana koma zimachitika pa nthawi imodzi. Kenako atseke maso, inu mubise kachidutswa kamodzi, apeze chomwe chasowa.

Ndinene pano mosabisa mawu: mwana afotokoze za fodya, asagwire fodya. Tsamba laliwisi, makamaka likanyowa ndi mame kapena mvula, limatulutsa nikotini amene amalowa kudzera pakhungu n'kumuchititsa munthu chizungulire, mutu ndi kusanza, ndipo thupi la mwana silichedwa kugonja. Malamulo a dziko lino amaletsanso kugwiritsa ana ntchito ya fodya. Phunziro lathuli malo ake ndi pamphasa, osati m'chigafa.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani yonse. M'Chichewa, nthawi ya chochitika sikhala m'mawu oonekera patali okha monga "choyamba", "kenako", "pomaliza". Amenewa mwana amawagwira msanga. Imabisala m'kati mwa mneni, mu timawu tiwiri: -ta- ndi -sana-. Mulembereni ziganizo zinayi izi, kapena muziyankhule pang'onopang'ono:

Atasankha fodya, bambo anadinda.
Bambo anadinda atasankha fodya.
Asanadinde, bambo anasankha fodya.
Bambo anasankha fodya asanadinde.

Mufunseni pa chilichonse kuti bambowa anayamba n'kutani. Ziganizo zonse zinayi zikunena chinthu chimodzi: kusankha kunayamba, kudinda kunatsatira. Koma pa chachiwiri ndi chachitatu, mawu oti kudinda ndi amene diso likuyamba kukumana nawo. Mwana amene amadalira malo a mawu apeza ziwiri, alakwa ziwiri. Muphunzitseni kuti ntchito yomwe yanyamula -ta- ndiyo inachitika kale, kaya yalembedwa kumayambiriro kaya kumapeto kwa chiganizo, ndipo ntchito yomwe yanyamula -sana- inali isanafike nthawi yake, choncho ndi yachiwiri. Atenge pensulo alembe 1 pamwamba pa ntchito yoyamba kuchitika, 2 pamwamba pa yachiwiri. Musathamangire kupitirira pano. Bwerezani masiku angapo ndi ziganizo za moyo wake: "Unasamba usanadye." "Mbuzi zinalowa m'khola dzuwa litalowa." "Achimwene anafika mvula itasiya." Kamawu ka -ka- kamachitanso chimodzimodzi ndi -ta-: tikati "timasankha fodya akauma", kuuma ndiko koyamba. Pomwe tikati "mvula inagwa agogo akusoka fodya", -ku- akutiuza kuti ziwirizo zinakumana.

Palinso mawu awiri amene ndimafuna kholo lililonse liwasamale, chifukwa amamveka ngati apachibale koma amaloza mbali zosiyana. "Pambuyo pake" amatanthauza zomwe zinadza mtsogolo mwa nkhaniyo, zitatha zinazo. "M'mbuyomo" amatibweza ku zomwe zinachitika kale. Ndime ikati, "Alimi anagulitsa fodya mu Meyi. M'mbuyomo anali atatenga feteleza pa ngongole. Pambuyo pake anabweza ngongoleyo," mwana ayenera kuona kuti chiganizo chapakati ndicho choyamba pa nthawi. Mawu oti "anali ata-" nawo ndi chizindikiro choti wolemba wabwerera m'mbuyo. M'makalasi apamwamba, kumene mabuku ambiri ali m'Chingerezi, adzakumana ndi misampha yomweyi m'chilankhulo china, ndipo amene anaizindikira m'Chichewa savutika kuiona kumeneko.

Miyezi nayo ili ndi msampha wake, ndipo kuno kwa alimi ndi waukulu. Kusukulu mwana amaloweza kuti Januwale, Febuluwale, Malichi mpaka Disembala. Ndiye akawerenga kuti nazale inafesedwa mu Sepitembala, fodya anawokeredwa mu Disembala, msika unatsegulidwa mu Epulo, amatha kuika msika patsogolo poti Epulo amabwera Sepitembala asanafike. Iye walondola kalendala, koma nyengo ya ulimi imadumpha malire a chaka. Tulukani naye pabwalo. Jambulani mzere wautali pansi ndi kamtengo, muugawe pakhumi ndi pawiri, kuyambira Ogasiti kulekezera Julaye. Pakati pa Disembala ndi Januwale ikanipo mwala waukulu, mumuuze kuti apa chaka chasintha. Aike zitsononkho pamene pali nazale, kuwokera, kuthyola ndi kugulitsa. Chaka cha sukulu chimayendanso motero, kutsegulira cha mu Sepitembala n'kutsekera cha mu Julaye, choncho mufunseni kuti teremu yoyamba ndi yachitatu zili m'chaka chimodzi kapena ayi. Ngati mumasunga malisiti a feteleza ndi mapepala ogulitsira fodya, mupatseni awasanje potsata madeti. Muuzeni ayambe wayang'ana chaka, kenako mwezi, tsiku pomaliza. Ana ambiri amayambira pa tsiku poti ndilo limalembedwa koyamba.

Buku la kusikelo la mng'ono wake ndi nkhani ya nthawi yolembedwa kale, ndipo ili m'nyumba momwemo. Katemera woyamba, wa chifuwa chachikulu, mwana amalandira akangobadwa. Ena amatsatira pa masabata 6, masabata 10 ndi masabata 14, ndipo wa chikuku amayamba pa miyezi 9. Lembani zimenezi pa tizidutswa, muone zomwe achite. Nthawi zambiri 9 amamulowetsa pakati pa 6 ndi 10. Musamudzudzule. Mufunseni kuti mwezi umodzi uli ndi masabata angati, awerengetsere yekha, aone kuti masabata 14 sakwana n'komwe miyezi inayi. Nambala payokha siuza nthawi, pamafunika kuona mawu amene ayandikana nayo.

Kwa wa Sitandade 5 kupita m'tsogolo, lowani mu zaka. Nkhani za mbiri ya munthu zimakonda kuyamba ndi imfa yake kapena ndi chachikulu chomwe anachita. Nayi ndime yoti muyesere, yokamba za munthu wa m'boma lomwe lino la Kasungu:

Dr Hastings Kamuzu Banda anamwalira pa 25 Novembala 1997, patadutsa zaka zitatu chichokereni pampando. Iwo ndiwo ankatsogolera pamene dziko lino linkalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964. Izi zisanachitike, boma la atsamunda linawamanga pa 3 Malichi 1959 n'kukawatsekera ku Gwelo, atangotha miyezi pafupifupi 8 chibwerereni kuchokera kunja pa 6 Julaye 1958. Anatulutsidwa m'ndende pa 1 Epulo 1960.

Mwana azungulize madeti onse ndi pensulo, kenako awasanje. Muli zinthu ziwiri zoti muyang'anire. Tsiku la 6 Julaye latchulidwa kawiri, ndipo wosayang'ana chaka aganiza kuti kubwera kwa Kamuzu ndi ufulu zinachitika tsiku limodzi, chikhalirecho pali zaka 6 pakati pake. Chachiwiri, chaka chomwe anachoka pampando sichinalembedwe. Mufunseni: "Anasiya utsogoleri chaka chanji?" Akati mulibe m'nkhanimu, mulozereni mawu oti "patadutsa zaka zitatu", achotsere yekha mpaka apeze 1994. Mawu ngati "patadutsa", "patatha", "chaka chotsatira", "chichokereni" ndi madeti obisika, ndipo mafunso a mayeso amakonda kukumba pomwepo.

Mzere wa pabwalo uja ubwezereninso, koma ulendo uno phazi limodzi likhale zaka 10. Yambirani pa 1863, chaka chimene David Livingstone anafika kwa Mwase. Mapazi pafupifupi atatu kuchokera apo mwafika pa 1891, pomwe Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ndi 1895, pomwe asilikali awo anathira nkhondo mfumu Mwase Kasungu. Kuchokera pa 1863 kukafika pa 1964 ndi mapazi khumi. Pitirirani: 1981, kutsegulidwa kwa Kamuzu Academy ku Mtunthama, 1993, riferendamu, 1994, kuyamba kwa sukulu ya pulayimale yaulere. Mwana akayenda ndi mapazi ake mtunda umenewu, amasiya kuunjika zonse m'mawu amodzi oti "kalekale". Amaona kuti pakati pa Livingstone ndi Kamuzu pali mtunda, ndiponso kuti amayi ake anabadwa kufupi ndi iye mwini kusiyana ndi nkhondo ya Mwase. Apa itanani agogo. Akuluakulu ambiri sawerenga zaka ndi manambala koma ndi zochitika: "Malume ako anabadwa riferendamu isanachitike," "Tinasamukira kuno itatha njala ya 2002." Mwana afunse, agogo ayankhe, iye apeze malo a chochitikacho pamzerepo. Ine ndimaona kuti gawo ili ndi lokoma kuposa onse, chifukwa mbiri ya banja ndi ya dziko zimakhala pamzere umodzi, ndipo agogo amene sadziwa chilembo ndi amene asanduka buku.

Nyuzipepala ndi wailesi zili ndi kalembedwe kakekake: zimayamba ndi chomwe changochitika kumene, chiyambi cha nkhani n'kuchiika kumunsi. Mukapeza tsamba la Chichewa, ngakhale lomwe anakukulungirani usipa kumsika, kapena mukamamvera nkhani za madzulo, sankhani nkhani imodzi mumufunse mwana kuti aifotokozenso kuyambira pomwe inayambira. Nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ndi yabwino kuyesera. Olemba ambiri amayamba ndi filimu ya moyo wake yomwe inatuluka mu 2019, kapena buku la mu 2009. Koma ndondomeko yake inayamba ndi njala ya 2001 mpaka 2002, kusiya sukulu ya sekondale posowa fizi, kubwereka mabuku ku laibulale yaing'ono, kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, kenako kukayankhula ku msonkhano wa ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007. Mwana asanje zimenezi, ndipo mumufunse ngati akanapita ku Arusha akanapanda kupanga makinawo. Aone kuti nthawi zina chotsatira chimabadwa mwa choyamba, pomwe nthawi zina zinthu zimangotsatana popanda china kuchititsa chinzake. Nkhuku kulira kenako basi kufika si ndiye kuti nkhuku yaitana basi.

Pali zolembedwa zina zomwe kusokoneza ndondomeko kumavulaza, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga ngati ya mayeso chabe. Kukonza Thanzi, mankhwala a mwana wotsegula m'mimba, kumafuna kusamba m'manja, kuyeza lita imodzi ya madzi aukhondo, kuthiramo paketi yonse, kutakasa, ndipo wotsala akatha maola 24 amatayidwa. Mankhwala a malungo a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo ulendo wachiwiri umadza patadutsa maola 8 chimwereni woyamba. Mwana wamkulupo awerenge malangizo otere mokweza, inu mukuchita, ndipo azolowere kuwerenga mpaka kumapeto asanayambe kalikonse. Chenjezo loti "musanayambe, chitani chakuti" nthawi zina amaliika pansi penipeni pa pepala. Mankhwala opopera m'munda kapena othira m'chimanga musamupatse botolo lake. Koperani ziganizozo papepala lina ngati mukufuna aphunzirirepo.

Si ndime iliyonse yomwe ili ndi ndondomeko ya nthawi. Ina imangotchula mitundu ya dothi, kapena nyama za ku Kasungu National Park. Mwana amene wangophunzira kusanja amafuna kusanja chilichonse. Mupatseni funso loyesera: "Nditasinthanitsa ziganizo ziwirizi, nkhani iwonongeka?" Njovu ikatchulidwa mvuu isanatchulidwe, kapena mvuu n'kuyamba, palibe chasintha. Koma kuwokera kukabwera nazale isanafesedwe, nkhani yafa.

Akalakwa musakweze mawu, ndipo musamuyerekeze ndi mwana wa a neba. Muuzeni achite zomwe wasanjazo ndi manja, ngati sewero: avale nsapato kenako sokosi, aomole nsima madzi asanawire. Adziona yekha pomwe pakhota. Ndipo kanthawi kochepa kawirikawiri kamapindula kuposa kumukhazika tsiku lonse Loweruka mayeso atayandikira.

Mukaona kuti wagwira, mutembenuzireni ku kulemba. Alembe chimangirizo chachifupi cha momwe amaphikira thobwa kapena momwe tsiku la msika limayendera. Koyamba adzadzaza "kenako, kenako, kenako" mzere uliwonse. Muloleni, kenaka mumuuze kuti mawu amenewa awagwiritse ntchito kamodzi kokha, kwinako asakesake ena: "zitatero", "madzi akawira", "patapita kanthawi", "tisanaphule". Akafika poti angathe kulemba ndime yoyambira kumapeto, n'kuipereka kwa mng'ono wake kuti aisanje, ndipo iye n'kumuchonga molondola, mungamusiye azipitiriza ndi mabuku a kusukulu.

Mwana wina mudzapeza kuti pakamwa amasanja bwinobwino, koma papepala akanika ngakhale mutabwereza kangati. Mvetserani momwe akuwerengera. Ngati akugwira phatikizo limodzilimodzi, akafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake, ndiye vuto si ndondomeko koma kuwerenga kumene. Wotere muwerengereni inu kapena mkulu wake, iye azisanja ndi khutu, uku akuyeserera kuwerenga timawu tafupitafupi tsiku ndi tsiku. Mukapita kusukulu kukatenga lipoti, auzeni aphunzitsi ake zomwe mwaona, kuti nawonso adziwe poyambira.